Bambo a nazale omwe anatisamutsira mphukira za lilac ku Leeds

Anzanga okhala kuno ku UK amene mukusamuka nyumba koma mtima uli pa maluwa akugadeni, kunja kwa Leeds kuli kanazale kena komwe mwini wake, bambo achikulire ndithu, amabwera ndi vani kudzakumba ndi kukawokera kunyumba yatsopano. Ntchito amaidziwa bambowa. Ife timafuna lilac wathu, zitsamba za maluwa onunkhira, atitsate, koma chitsamba chachikulu sunganyamule, ndiye njira yake ndi kuchotsa mphukira zomera m'mbali mwa tsinde ngati mmene timachotsera ana a nthochi kumudzi.

Chomwe chinandigwira mtima nchoti sanafikire kukumba ayi. Anagwada kaye, nkufukula dothi ndi manja pa tsinde, kuyerekeza masamba a mphukira ndi a chitsamba chenichenicho. Pa zitsamba ziwiri zomwe tinali nazo chimodzi anakana, akuti ndi chomezanitsa pa tsinde la privet, chitsamba china chomwe anthu amadzala ngati mpanda, ndiye zomwe zikuphuka pansizo ndi privet basi, mudzadikira maluwa mpaka kutopa osawaona. Wina wofuna ndalama akanangokumba zonse ife osadziwa kanthu. Pa chinacho anasankha mphukira zotalikirako ndi tsinde zomwe zili kale ndi mizu yakeyake, nkudula muzu wolumikiza uja ndi fosholo yakuthwa kamodzi kokha, kuzula ndi dothi lake lomwe nkukulunga m'saka yonyowa. Kamphukira kopanda timizu toyera amangokasiya.

Tinawapempha m'chilimwe koma anatiuza kuti tidikire masamba ayambe kuyoyoka chakumapeto kwa Okotobala, nthawi yomwe mtengo ukupuma. Kugadeni yatsopano anakananso malo omwe ine ndinasankha pafupi ndi mpanda chifukwa pali mthunzi komanso madzi amadikha, lilac amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa ndipo dothi la asidi wambiri sagwirizana nalo, ndiye anayeza kaye ndi kachipangizo kawo nkuthirako laimu pang'ono. Feteleza wa kapinga anatiletsa, akuti nayitrojeni wake amangochulutsa masamba maluwa osabwera.

Zondidandaulitsa zilipo. Mtengo ndi wokwera ndithu pa ntchito ya theka la tsiku, kompositi amakulipiritsani padera pomwe kushopu ndi yotchipa, ndiye gulanitu nokha. Foni sayankha msanga, mpaka ulembe meseji kangapo.

Koma sananame kuti tiona maluwa chaka chamawa, ananeneratu kuti mphukira zimatenga zaka 3 mpaka 5, ndipo ikadzayamba tizidulira ikangomaliza maluwa mu Meyi kapena Juni osachedwa, chifukwa tikadula mochedwa timachotsa maluwa a chaka chinacho. Mphukira zathu zinaphuka masamba bwino mu Epulo kupatula imodzi yomwe inauma. Amene muli ku Malawi musavutike kufunsa mbewu, mtengowu ndi wochokera kumapiri a Balkan, umafuna chisanu chenicheni kuti uchite maluwa. Koma a kuno, bambowa ndingawaitanenso.