God of War ya 2018 pa PS4: ndinagulira nkhwangwa, koma anandigwira mtima ndi mwanayo

Nyenyezi zinayi ndi theka mwa zisanu.

Ine ndi munthu wa magemu a mpira. Padi, chogwira m'manja posewera gemu, ndinaidziwira pa FIFA, ndipo kwa zaka zambiri gemu yosaponya chigoli sindinkaiwerengera. Diski ya God of War ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito, chifukwa mlamu wanga sankandipatsa mpata ndi nkhani ya nkhwangwa yomwe ukaiponya imabwerera m'manja. Ndaisewera milungu itatu, usiku ana atagona, ndipo dzulo ndafika kumapeto kwa nkhani yake.

Kwa amene simuidziwa: anaipanga ndi a Santa Monica Studio motsogozedwa ndi Cory Barlog, inatuluka pa makina a PlayStation 4 (PS4) mu Epulo 2018, ndipo chaka chomwecho inapata mphoto ya gemu yopambana pa The Game Awards. Ya pa kompyuta inabwera mu 2022. Mwini nkhani ndi Kratos, msilikali wa ku Sparta amene anayamba kuonekera mu 2005 pa PS2, uja anasesa milungu ya Agiriki mpaka kupha bambo ake enieni, Zeus. Muno wakalamba, wasunga ndevu, wabisala kumpoto kozizira, kudziko la nthano za Odin ndi Thor. Za m'magemu akale ine ndinangouzidwa ndi mlamu, ndipo sizinandivute kutsatira.

Gemu ikuyamba ndi maliro. Mkazi wa Kratos, Faye, wamwalira. Ntchito yoyamba imene wapatsidwa padi m'manja si kumenya munthu ayi, koma kugwetsa mtengo woti akawotchere mtembo. Ife kuno timaika m'manda, ndiye zowotchazo zinandidzidzimutsa pang'ono, koma mawu otsiriza a womwalira timawadziwa kulemera kwake. Faye anapempha kuti phulusa lake likamwazidwe pansonga ya phiri lalitali kuposa onse. Nkhani yonse ndi imeneyo basi: bambo ndi mwana wake Atreus, awiri osadziwana bwino, anyamula kathumba ka phulusa kupita kuphiri.

Pali kamphindi kena koyambirira komwe sindidzaiwala. Apita kokasaka nyama. Mwana waphonya chifukwa cha phuma, bambo wamulanda uta ndi kumukalipira. Pambuyo pake nyama ija yagwa, mwana wagwada pambali pake, mpeni ukunjenjemera m'manja. Atatha, Kratos akutambasula dzanja kuti amugwire paphewa. Dzanja likuima m'malere, kenako likubwerera. Palibe amene wanena kanthu. Ndinaika padi pansi. Malemu bambo anga anali otero ndithu. Fizi ankalipira pa nthawi yake, nsapato sitinkasowa, koma mawu oti "wachita bwino mwanangu" sanatulukepo pakamwa pawo. Kratos naye mwana wake samutchula dzina kawirikawiri, amangoti "Boy", monga mmene akuluakulu athu amaitanira kuti "iwe!" Mawu akewo, amene anawalankhula Christopher Judge, ndi okuya ngati ng'oma yaikulu, ndipo ngakhale akangong'ung'udza umamva kuti munthuyu wasenza zambiri.

Tsopano za nkhwangwa, poti ndi imene ndinagulira. Mlamu sananame. Dzina lake ndi Leviathan. Ukaloza ndi batani la L2 n'kuiponya, imakazika pa mdani n'kumuumitsa ndi chisanu. Iwe umatsala chimanjamanja, kumenya ndi zibakera ndi chishango. Ukadina batani la Triangle, umaimva ikulira kuchokera kutali, ikugunda aliyense amene ali panjira yake, mpaka phaa! m'chikhato, padi n'kunjenjemera pang'ono. Tsiku loyamba ndinatha mphindi zingapo ndikungoiponyera m'mitengo n'kuiitana. Nkhwangwa yomweyo ndi imene umatsegulira zitseko, kuimitsa mawilo a misampha ndi kuswa zidindo za mabokosi obisika, choncho dzanja silizolowera chinthu chimodzi chokha.

Koma nzeru yaikulu ya opanga gemuyi ili pa batani la Square. Limenelo ndi la mwana. Ukalidina, Atreus amalasa mivi. Poyamba mivi yake ndi yongosokoneza adani, yopanda mphamvu kwenikweni, ndipo ine ndinkamuiwala. Pang'ono ndi pang'ono akulimba, akuyamba kudumphira adani pakhosi, kukuchenjeza akakubwerera kumbuyo, ngakhale kukudzutsa ukagwa ngati unagula mwala wake woukitsira. Zolemba zakale za pamiyala amawerenga ndi iyeyo, chifukwa bambo ake sazitha. Ndiye (amene simufuna kuuziridwa dumphani ndime ino) pakati pa ulendo mwana akudwala kwambiri, ndipo ukuyenera kumusiya kwa mayi wina wa m'nkhalango, iwe n'kutsikira ku Helheim, dziko la akufa, kukafuna mankhwala. Kumeneko chala changa chinkangopita chokha pa Square, koma osatuluka muvi. Palibe anandiuza kuti ndimusowe mwanayo. Chala ndi chimene chinandiuza. Sindinaonepo gemu ina ikufotokoza nkhani kudzera m'batani chonchi. Atachira n'kumva kuti iye ndi ndani, akuyamba mwano, kuyankha bambo ake mothimbirira, kulowa m'ndewu osadikira. Ndinapsa naye mtima zenizeni, ngati mmene ndimachitira ndi wanga woyamba akayamba makani.

Chinanso n'chakuti kamera siidukiza. Kuyambira pa mtengo uja mpaka kumapeto, chithunzi chikungoyenda kumbuyo kwa Kratos, osada bii kuti adikire kutsegula gawo lina, pokhapokha ukafa. Sudziwa pamene filimu yathera ndi pamene iwe wayambira. N'chifukwa chake "ndingosewera pang'ono" yanga inkafika 1 koloko usiku.

Anthu ena a m'nkhaniyi ndi ochepa koma aliyense ali ndi fungo lake. Pali abale awiri osula zitsulo, aafupi ngati akafula, Brok ndi Sindri, amene anayambana ndipo aliyense amanyoza ntchito ya mnzake pa nkhwangwa yako. Brok ndi wabuluu, wotukwana. Sindri amanyansidwa ndi magazi ndi litsiro. Pali Baldur, mdani amene samva kupweteka kapena kukoma kwa chilichonse, ndipo ukadziwa chimene chinamuchititsa zimenezo umamumvera chisoni ngakhale akukuswa nthiti. Koma wanga ndi Mimir, mutu wopanda thupi umene Kratos amaupachika m'chiuno. Mukamapalasa bwato pa nyanja yaikulu ya pakati, yotchedwa Lake of Nine, pamene chinjoka Jörmungandr chazinga mapiri, Mimir amayamba nthano za milungu ndi zimphona. Ukakocheza amaiimitsa, akuti tidzapitiriza, ndipo ukakweranso amayambiradi pomwe anasiyira. Kangapo konse ndinazungulira dala pamadzi kuti nthano ithe kaye, monga tinkakanira kukagona agogo asanati "idathera pompo".

Theka la nyenyezi ndachotsa pa zifukwa zomveka. Zimphona zonyamula mwala waukulu zimene umamenyana nazo zachuluka. Yoyamba imakuopsa, koma pofika yachisanu waona kuti ndi yomweyo, angoisintha mtundu, ndipo imafanso mofanana. Gemu ya milungu inafunika adani akuluakulu osiyanasiyana kuposa apa. Mbali yosankha zovala zankhondo ndi timiyala towonjezera mphamvu ndi yodzadza manambala ndi tizilembo tating'ono, moti pa TV yanga ya mainchesi 32 ndinkachita kusendera pafupi. Kamera yoyandikira ija nayo ili ndi vuto lake: adani akakuzungulira suona za kumbuyo, umadalira timivi tofiira ta pasikirini ndi kukuwa kwa mwana.

Kwa ife a kuno, ubwino wake waukulu ndi woti sifuna intaneti kuti usewere. Bandulo yako siikhudzidwa, ndipo mulibe zokugulitsa zina m'kati. Imasunga yokha pafupipafupi, kotero magetsi atazima kawiri ndili pakati pa ulendo, ndinabwerera pafupi ndi pomwe ndinali. PS4 yanga ndi yakale ndipo ili ndi fumbi, ndiye fani inkalira kwambiri pa ndewu zikuluzikulu. Ipukuteni yanu musanayambe. Chingerezi chikufunika ndithu, chifukwa kukoma kwake kuli m'zokambirana. Yatsani mawu olembedwa pansi, makamaka pa Mimir amene kalankhulidwe kake ndi ka ku Scotland. Ndipo iyi si ya ana. Pachikuto analemba 18 ndipo sanalakwitse, magazi ndi ambiri.

Pa kulimba kwake pali magawo anayi. Ine ndinasankha lachiwiri, ndipo linandikwanira mpaka nditakumana ndi ma Valkyrie, akazi ankhondo amapiko, ambiri mwa iwo obisika m'zipinda zotsekedwa. Alipo asanu ndi atatu, ukawagonjetsa onse ndi pamene mfumukazi yawo Sigrun imatulukira. Ndagwetsapo atatu.

Za kumapeto sindinena, kupatula chimodzi. Ulendo wonse mwana amapempha kuti anyamuleko phulusa la mayi ake, bambo n'kumakana. Muziyang'anira kathumba kameneko. Ine pamene mayina a opanga gemu ankadutsa, awiriwo akutsika phiri, ndinadzuka kukasuzumira kuchipinda kwa anyamata anga. Wamkulu anali atakankha bulangete, ndinamufunditsa. Diski ya Ragnarök, yotsatira yake ya 2022, mlamu walonjeza kundibwereka mwezi ukatha.