Malo othandizira ana a Giredi 1 ku Rosettenville

Makolo achimalawi okhala ku Rosettenville, muno mu Johannesburg, angachite bwino kuganizira malo osungirako ana akaweruka kusukulu, kumene ndimasiyako mwana wanga wa Giredi 1. Aphunzitsi ake amatsatira ndondomeko ya maphunziro ya boma la South Africa yotchedwa CAPS, imene kuyambira Giredi 1 mpaka Giredi 3 ili ndi maphunziro anayi: chilankhulo choyamba, chilankhulo chowonjezera, masamu ndi luso la moyo wa tsiku ndi tsiku.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi kaphunzitsidwe ka masamu. Ana amawerengera ndi zitsekerero za mabotolo mpaka 100, amaphatikiza ndi kuchotsera manambala osapitirira 20, ndipo Lachisanu amasewera zogulitsana pakasitolo ka makatoni, pomwe mwana wogula buledi wa R15 ayenera kudziwa chenji chake akapereka R20. Pamasewera omwewo amalembanso mayina a katundu, motero kulemba ndi masamu zimayendera limodzi mwana osazindikira kuti akuphunzira.

Chodandaulitsa n'chakuti ana ndi ochuluka kwambiri poyerekeza ndi aphunzitsi, choncho mwana wongofika kumene kuchokera kumudzi, amene sanazolowere Chingerezi kapena Chizulu, amakhala duu pakona nthawi yaitali asanapeze womumvetsera akamawerenga.