Thiransifoma ya 12V, 60W ya magetsi a pabwalo: ndi yolimba, koma samalani ndi waya

Thiransifoma yolemera iyi imatsitsa 230V ya ESCOM kufika pa 12V AC. Imaposa kutali timathiransifoma topepuka tolembedwa 20-60W, tomwe mukalumikizako mababu awiri okha a LED a 3W amangophethira.

Musaisenzetse 60W yonse, imatentha. Lekezani pa 48W, monga mababu 12 a 4W, olembedwa AC/DC (kutanthauza kuti amayakanso ndi magetsi a AC omwe thiransifomayi imatulutsa).

Nkhani yagona pa waya. Pa 12V, mababu amenewa amakoka ma amp 4, ndiye waya woonda wa 0.75mm² pa mamita 20 amadya mavolti awiri kapena kuposerapo. Babu lakumapeto limangofiira. Gulani wa 2.5mm², ndipo babu lililonse litenge mawaya onse awiri kuchokera pa waya wamkulu, osati kulandirana.

Chokhumudwitsa ndi timasikuluwu tating'ono ta pa thiransifomayi: mukapanda kumangitsa, polumikizapo pamatentha mpaka pulasitiki kusungunuka. Tepi yakuda panja musaidalire, mvula ikayamba madzi amalowa. Polumikiza ponse pakhale m'kabokosi kosalowa madzi a mvula, kolembedwa IP65.

Mbali ya 230V asiyireni amagetsi.