Playwright: miyezi 6 ndikuyigwiritsa ntchito, nazi zomwe ndaona

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti Playwright imene ndimangoyitchula ija, pulogalamu yoyesera mawebusaiti imene imadinadina yokha pa browser ngati munthu, ndi yabwinodi kapena ndi phokoso chabe, nde lero ndati ndilembe kamodzi nkhani ithe. Ine ndimagwira pa kasistimu ka sukulu ina yapulaiveti, makolo amalipirirapo fizi, aphunzitsi amalowetsa malikisi, a bursar amatulutsa malisiti. Tilipo awiri basi, tester tilibe, amene walemba code ndi yemweyonso woyesa, ndipo cholakwa chako chomwe kuchiona nkovuta heavy.

Kale tinali pa Selenium, pulogalamu ina ya ntchito yomweyi. Sindikuyinyoza ayi, ndi gogo wa zonsezi, anayiyambitsa Jason Huggins mu 2004 ali ku ThoughtWorks ndipo mpaka lero makampani ambiri akuidalirabe. Ulesi unali wathu, paliponse tinangomwaza sleep (kuuza tesiti kuti ingoima kudikira) wa masekondi 3, apa wa masekondi 5, tsiku lomwe netiweki yatopa matesiti theka ofiira (agwa) pomwe palibe chasweka, mpaka tinazolowera kumangoti ayendetsenso adutsa amenewo. Ukafika pamenepo matesiti ako asanduka chokongoletsera.

Playwright ndi ya Microsoft, inatuluka mu 2020, ena mwa omwe anayilemba ndi omwe aja anapanga Puppeteer, pulogalamu ina yoyendetsa browser, ali ku Google. Ndi yaulere. Imayendetsa ma browser a Chromium, Firefox ndi WebKit, ndipo utha kulemba mu TypeScript, Python, Java kapena C#, ife tinatenga TypeScript. Chomwe chinandikola poyamba nchakuti imadikira yokha. Ukaiuza kuti dina batani, iyo imayamba yaona kaye kuti bataniyo ikuoneka, yasiya kusuntha, siyotsekedwa komanso palibe chinthu chaiphimba, kenako nkudina. Ma expect, mizere yotsimikizira kuti zotsatira ndi zomwe umayembekeza, nawo amayesa mobwereza mpaka masekondi 5 asanagonje, tesiti yonse imapatsidwa masekondi 30 ngati sunasinthe. Ma sleep aja ndinawafufuta onse tsiku limodzi, kukoma kwake ngati ukuzula minga kuphazi. Komanso batani umalipeza ndi getByRole, kutchula dzina lomwe munthu amaona pa sikirini, kwathu ndi "Lipirani", osati XPath (adiresi ya batani mkati mwa code ya tsamba) wautali ngati njanji amene amasweka mnzako akangosuntha div (kachigawo ka tsamba) imodzi.

Tsono pomwe inandigulira mtima ndi apa. A bursar anandiimbira kuti kholo lina lili ndi malisiti awiri a K150,000 pomwe linalipira kamodzi. Ine kuyesa pa laputopu yanga, zonse bho, lisiti imodzi. Kuyesanso, imodzi. Masiku awiri ndikuzungulira mutu, mpaka ndinakumbukira kuti mu ofesi tili pa wifi pomwe kholo lija mwina linali pa netiweki ya ka mzere kamodzi. Nde ndinatenga page.route nkuchedwetsa dala yankho la seva ndi masekondi 4, kenako dblclick (kudina kawiri) pa Lipirani, monga momwe munthu amachitira akaona kuti foni sikuyankha. Kutsegula trace viewer, chida cha Playwright choonetsa zonse zomwe tesiti inachita, eee, ma POST awiri (ma request otumiza malipiro ku seva) ali ndondondo pa network, ndipo ukamakoka ka mzere ka nthawi kaja ukuona sikirini momwe inalili pa sitepe iliyonse, batani lidakali lotseguka pomwe request yoyamba isanabwerere. Tinalitseka batanilo likangodinidwa, ku seva nakonso tinaika nambala yapadera pa malipiro aliwonse kuti ikabwera kachiwiri ikanidwe, chifukwa kudalira batani lokha nkudzinamiza. Tesiti imeneyo ilipobe, imayenda pa push iliyonse, nthawi zonse tikatumiza code yatsopano.

Koma onani bwino, bug imeneyi Playwright sinaipeze yokha. Matesiti athu anali obiriwira onse nthawi yonse imene malisiti amatuluka awiriawiri, chifukwa palibe anaiuza kuti munthu amadina kawiri akakwiya. Chimodzimodzinso codegen, ija umangodinadina pa browser iyo nkumakulembera code. Tsiku loyamba umadziona ngati mfiti. Koma ngati sunaiuze zoti itsimikize, watulutsa tesiti yongoyendayenda ngati mlendo mu msika, kulowa nkutuluka osagula kanthu.

Cholakwa china chinali changa. Chifukwa chokondwa ndinayamba kuyesa chilichonse kudzera pa browser: nambala ya foni yoyamba ndi 0, yoyamba ndi +265, yokhala ndi mipata pakati, ndalama yolembedwa 150000, 150,000, K150,000, malikisi 0, 100, 101, -1, bokosi lopanda kanthu. Kuyesa za m'malire chonchi nkofunika zedi, ma bug ambiri amabisala pamenepo, koma malo ake ndi mu unit test, tesiti yoyesa kachidutswa ka code pakokha popanda browser, zimatha mu kamphindi. Ine ndinadzaza ma browser atatu ndi zimenezi mpaka kudikira zotsatira kumakwana kuphika tiyi nkumwa. Pano zonsezo ndinazisamutsira ku Vitest, pulogalamu ya ma unit test, Playwright yatsala ndi njira zikuluzikulu zokha: kulowa, kulipira, kutulutsa lisiti, kulowetsa malikisi.

Zosakoma ziliponso. Imabwera ndi ma browser akeake ndipo ndi ma MB mazana angapo, ukakweza version imafunanso atsopano, nde ngati uli pa bandulo yogula wekha lemba npx playwright install chromium utenge imodzi yokha, ina ija udzakokere pa wifi ya ku ofesi. Pa laputopu ya RAM ya 4GB imayendetsa matesiti angapo nthawi imodzi fani nkumalira ngati chigayo, ika --workers=1 upume. Za mafoni nazo musanamizike, ukasankha Pixel kapena iPhone pa mndandanda wake imangosintha kukula kwa sikirini ndi zina zochepa, si foni yeniyeni, ndipo makolo athu ambiri ali ndi timafoni totchipa tomwe memory yake inadzaza ndi mavidiyo a pa WhatsApp. Ine mu drowa ndimasunga kafoni kakale kosweka galasi, tisanatulutse chilichonse ndimalipira fizi yabodza pa iko ndi chala changa. App ya Android yeniyeni pitani ku Appium, pulogalamu yoyesera ma app a pa foni, USSD ndiye iwalani.

Retries (kubwereza tesiti ikagwa) ndikuchenjezeni pang'ono: ukaika 2, tesiti yogwa koyamba nkudutsa kachiwiri imalembedwa flaky (yosakhazikika) mu report koma build imapitabe ngati zonse zili bho, nde ngati report simuitsegula simudzadziwa. Mnzanga uja anapeza zitatu zotero sabata yatha, imodzi inali bug yeniyeni pa tsamba la malikisi.

Playwright ndikuipatsa 8 pa 10. Mawa ndikuyamba kuyesa zomwe zimachitika magetsi akathima lisiti ili pakati potuluka, a bursar ayamba kale kufunsa.