Kugawana mipando mwa mitundu kapena kufuna mavoti a zigawo zonse: njira iti imapirira?

Zotsatira za chisankho zikangotuluka motsatira zigawo, funso limabwereranso pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp: bwanji osangogawana maudindo kuti mtundu uliwonse ukhale ndi pake? Njira zazikulu zimene mayiko ayesapo zilipo ziwiri, ndipo mtengo wake ndi wosiyana kwambiri.

Yoyamba ndi yolemba m'malamulo kuti mpando wakuti ndi wa anthu akuti. Ku Lebanon pulezidenti amakhala Mkhristu wa mpingo wa Maronite, nduna yaikulu Msilamu wa Sunni, sipikala Msilamu wa Shia. Pangano la Taif la 1989 linagawa mipando ya aphungu pakati ndi pakati, ndipo lero ilipo 128: Akhristu 64, Asilamu 64. Ku Bosnia pangano la Dayton la 1995 linaika anthu atatu pa upulezidenti, wa mtundu wa Bosniak, wa Serb ndi wa Croat. Pothetsa nkhondo njirayi imagwira ntchito, chifukwa aliyense amatula mfuti akudziwa kuti gawo lake lilipo.

Koma ili ngati katapila: imakupulumutsa lero, chiwongola dzanja n'kumabwera zaka zambiri. Gulu lililonse likakhala ndi mphamvu yotsekereza, boma limaima. Ku Lebanon pulezidenti amasankhidwa ndi aphungu, ndipo kuti voti ichitike pamafunika aphungu 86 m'nyumbamo. Amene sakufuna munthuyo amangotuluka, basi zathera pomwepo. Pulezidenti Michel Aoun atachoka mu Okutobala 2022, mpando unakhala wopanda munthu mpaka Januwale 2025, pa nthawi imene ndalama ya dzikolo inali itagwa ndipo anthu ankalephera kutapa ndalama zawo kubanki. Zinachitikanso kuyambira 2014 mpaka 2016. Ku Northern Ireland, kumene pangano la 1998 limafuna kuti mbali ziwiri, ofuna kukhalabe mu UK ndi ofuna kuphatikizana ndi Ireland, zilamulire limodzi, boma linagwa kuyambira 2017 mpaka 2020, n'kugwanso kuyambira 2022 mpaka 2024, chifukwa mbali imodzi ikachoka inayo singapitirize yokha.

Chopweteka kwambiri n'chakuti lamulo limamangirira munthu ku mtundu wake. Mu 2009 khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya linagamula pa mlandu wa Sejdić ndi Finci, mmodzi wa mtundu wa Roma, winayo Myuda, kuti Bosnia imawasala powaletsa kupikisana pa upulezidenti. Ndi nzika zenizeni, koma alibe mpando chifukwa sali m'mitundu itatu ija. Lebanon nayo sinachitenso kalembera wa anthu chichitireni mu 1932, poopa kuti chiwerengero chatsopano chingasokoneze kagawidweko. Nanga kuno, mwana wa mayi wa Chilomwe ndi bambo wa Chitumbuka wobadwira ku Ndirande tingamulembe mbali iti?

Njira yachiwiri simugawira munthu mpando, imamukakamiza kukapempha mavoti kwa eni ake. Ku Nigeria wopambana ayenera kukhala ndi mavoti ochuluka komanso 25 peresenti m'zigawo ziwiri mwa zitatu zilizonse za dzikolo. Malamulo a Kenya a 2010 amafuna mavoti opitirira theka, kuwonjezapo 25 peresenti m'makaunte osachepera 24 mwa 47. Boma siliima, ndipo palibe amene amafunsidwa mtundu wake. Vuto lake ndi lakuti wogonja amatuluka chimanjamanja, ndiye mitundu ing'onoing'ono imadalira chifundo cha wopambana.

Boma la mgwirizano lopangidwa chisankho chitasokonekera sindikuliwerengera: la ku Kenya la 2008 linaletsa kuphana, koma linabwera ndi nduna pafupifupi 40 ndipo silinasinthe kavotedwe.

Ine ndili ku njira yachiwiri, ndipo sindikubisa. Malawi sanachokere m'nkhondo ya mitundu kuti alipire mtengo wa Lebanon. Vuto lathu linaoneka mu 1994, Chihana atatenga Kumpoto, Kamuzu Pakati, Muluzi Kummwera. Lamulo la 50+1, limene linadza ndi chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020, limakakamiza zipani kugwirizana, koma silifunsa kuti mavotiwo achokera kuti. Zigawo ziwiri zikhoza kukwanitsa theka, chachitatu n'kutsala panja. Kuwonjezapo 25 peresenti m'maboma ochuluka mwa maboma 28 kungatseke mpatawo.

Chimodzi chokha ndingabwereke ku njira yoyamba. Ku Burundi, kumene aphungu amagawidwa 60 peresenti Ahutu ndi 40 peresenti Atutsi, lamulo linati pa mayina atatu otsatizana pa mndandanda wa chipani, onse asakhale a mtundu umodzi. Chipani chenichenicho n'chimene chimasakanikirana. Ifenso tingafune kuti atsogoleri a chipani achokere m'zigawo zonse chisanaloledwe kupikisana.

Olemba lamulo alembe nambala yeniyeni ya maboma, monga 15 kapena 19. Ku Nigeria mu 1979 zigawo zinalipo 19, ndipo mkangano wakuti ziwiri mwa zitatu za 19 ndi zingati unakafika kukhoti lalikulu Shehu Shagari asanalumbiritsidwe kukhala pulezidenti.