Anandikonzera Neovim bwino, koma anachotsa --hidden osandiuza

Achimwene omwe anandikonzera Neovim, pulogalamu yolembera khodi, ndawapatsa nyenyezi 3 mwa 5, ndipo yachitatuyo ndawonjezera mtima utatsika.

Ndinawalemba ntchito achimwene aja okonza ma editor, pa mtengo wawo wa tsiku limodzi, theka poyamba, theka akamaliza. Fayilo yanga ya init.vim, yosunga makonzedwe a Neovim, inali itasokonekera: chida chosakira mawu cha ack mbali iyi, chinzake ag mbali inayo, grepprg (yomwe imauza Neovim chida chosakira) ikuloza kwina, makiyi atatu ochita chinthu chimodzimodzi. Ndinkafuna zonse zisamukire ku chilankhulo cha Lua, njira yosakira ikhale imodzi. Anatero ndithu. Anasiya chida chosakira cha ripgrep (mwachidule rg) chokha, pulagini ya Telescope yoonetsa zotsatira pamwamba pake.

Patangotha masiku 4 ndinakumana nazo. Ndinkasintha dzina la variable ya database mu pulojekiti ya kasitomala wanga. Ndinasaka ndi live_grep ya Telescope, inandionetsa malo 7, ndinasintha monsemo. Ndinasakanso dzina lakalelo, sipanatuluke kanthu. Ndinatumiza ku GitHub mtima uli m'malo, n'kupita kukadya. Pobwerera ndinapeza foni ikulira, webusayiti ya kasitomala yasiya kutseguka. Ndinatha maola 2 ndikufufuza mu khodi yomwe inalibe vuto lililonse, thukuta lili kamukamu, chifukwa ndinkakhulupirira kuti dzina lakale lija latheratu. Nanga si ndinali nditasaka kawiri? Nditasowa pogwira ndinatsegula terminal n'kulemba grep -rn wamba, ndipo dzinalo linatulukira pomwepo, mu fayilo ya deploy ya mu .github/workflows. Seva inkalandirabe dzina lakale pamene pulogalamu inkafuna latsopano.

Chifukwa chake n'chakuti foda imeneyi imayamba ndi kadontho. Ukapanda kuiuza, ripgrep imadumpha mafayilo ndi mafoda obisika, omwe mayina awo amayamba ndi kadontho, komanso chilichonse cholembedwa mu .gitignore, mndandanda wa mafayilo omwe Git isamawasunge. Mu makonzedwe anga akale ag inali ndi --hidden, yoiuza kuti izisakanso mu zobisikazo, ndinaiika ndekha kalekale. Iwo posesa anaitaya limodzi ndi zinyalala, osanena n'komwe.

Chomwe chinandiwawa kwambiri ndi mayankhidwe awo. Nditawaimbira kufunsa kuti achimwene bwanji simunandiuze, anangoti ndi mmene rg imagwirira ntchito ndipo aliyense amadziwa. Ndikanakhala kuti ndikudziwa zonse, ndikanawalipira chifukwa chiyani? Munthu akakusinthira chida chomwe umadyera, ayenera kukuuza chomwe chasintha. Theka lotsala lija ndinaligwira kaye.

Koma ndisawanamizire. M'mawa mwake anandiimbira okha, napepesa, n'kukonza osafuna ndalama ina. Mu vimgrep_arguments, mndandanda wa malamulo omwe Telescope imapereka ku ripgrep, anaikamo --hidden pamodzi ndi glob (lamulo losankha mafayilo) yoletsa kulowa mu foda ya .git, kuti zotsatira zisadzaze ndi zam'kati mwa Git. Anandipangiranso kiyi yachiwiri yokhala ndi --no-ignore, yosalabadira .gitignore, ya tsiku lomwe ndikufuna kuona mpaka za mu node_modules. Mzere uliwonse anaulembera kandemanga pamwamba. Zonse zakusaka tsopano zili mu fayilo imodzi yaifupi yomwe ndimatha kuiwerenga n'kuimvetsa.

Ripgrep yeniyeniyo ndilibe nayo mlandu. Andrew Gallant, yemwe anailemba mu Rust n'kuitulutsa mu 2016, anafotokoza khalidwe limeneli momveka mu malangizo ake, mpaka kuika -u ndi -uu kwa ofuna kuchotsa zosefazo. Ndipo kudumpha komweko n'kumene kumathandiza kuti izithamanga: pa laputopu yanga yakaleyi zotsatira zimabwera ndisanamalize kulemba mawu. Kubwerera ku ack sindingayerekeze.

Theka lija ndinawatumizira. Ndingawalembenso ntchito, koma ulendo uno ndidzafuna mndandanda wa chilichonse chomwe achotsa ndisanapereke ndalama. Dzulo lomweli ndazindikira kuti find_files ya Telescope, yosakira mayina a mafayilo, nayonso sinkaonetsa mafayilo a kadontho, popeza siitsatira vimgrep_arguments, ili ndi hidden = true yakeyake. Imeneyo anaiiwalanso, ndaika ndekha.