Kasikelo ka digito kaja ndinagula pa Boma: patha matemu awiri kali mu labu

Aphunzitsi anzanga a sayansi m'ma CDSS mwakhala mukundifunsa za kasikelo kaja ndiye ndangoti ndilembe kamodzi basi. Pa sukulu pathu triple beam balance, sikelo ya mu labu ya mikono itatu ija, ilipo imodzi yokha, nayonso inachita dzimbiri moti kuti ifike pa ziro mpaka uchite kuinyengerera, ana a Fomu 1 akudikira pamzere piriyodi n'kutha atayeza magulu atatu okha. Ndinatopa nazo, n'kukagula kasikelo ka kukhichini mu shopu ina pafupi ndi msika wa Mangochi, komwe aja amayezera fulawa azimayi ophika makeke. Kamayendera mabatire awiri, mabatani ndi atatu: loyatsira, la TARE (lobwezera nambala pa ziro) ndi losinthira mayunitsi.

Nditafika nako sindinakakhulupirire kaye. Ndinaika bika yopanda kanthu, kudina TARE kuti kabwerere pa ziro, kenako kuthira madzi 100 ml oyeza bwinobwino mu measuring cylinder, diso pansi pa meniscus (kupindika kwa pamwamba pa madzi kuja) monga timawauzira ana. Kanalemba 100 g, ulendo wachiwiri 99. Paketi ya shuga ya 1 kg kanati 1004, ndinangoti imeneyo ndi pulasitiki yake. Kwa ine zimenezo zakwana. Ndipo chondisangalatsa, nkhani yoti 1 ml ya madzi imalemera 1 g, kapena kuti lita imodzi ya madzi ndi 1000 cm³ ndipo ndi 1 kg, ndakhala ndikuilemba pa bolodi zaka ndi zaka ana akungogwedeza mitu, koma atathira okha madzi n'kuona nambala ikukwera ndi pomwe inalowa.

Tsono vuto ndi kabatani ka mayunitsi kaja, kali pafupi kwambiri ndi TARE. Tsiku la density gulu lina linatola mwala panja, wolemera 52 g, mu silinda madzi anakwera kuchoka pa 50 kufika pa 70 ml, kutanthauza kuti mwalawo ndi 20 cm³, density ndi 52 kugawa ndi 20, ansala 2.6 g/cm³, zophweka. Koma mnyamata wina anadina molakwika kasikelo n'kupita ku ma ounce, kakulemba 1.83, iwo osayang'ana n'komwe kachilembo ka oz pakona anangokopera 1.83 g. Density yawo 0.09. Ndinawafunsa kuti ndiye mwala wanuwu tikauponya mu Shire pa buliji paja uyandama eti? Kalasi yonse kuseka, mtsikana wina akuti sala umenewo tipangire bwato tikaphere usipa ku Malombe. Komabe zinandithandiza, tsiku lomwelo anaphunzira kuti ounce imodzi ndi 28.35 g ndipo anachulukitsa okha mpaka 52 inabwerera. Pano ndinamatapo selotepi pa batanilo.

China, kamazima kokha mukakasiya kanthawi pang'ono, ndipo kakazima TARE ija yapita, muyambirenso. Mphepo nakonso sikagwirizana nayo, nthawi ya mwera mawindo akakhala otsegula manambala amangovina, ndiye mutseke, koma kutseka mawindo kuno mu Okutobala mukudziwa nokha mmene thukuta limachitira. Tebulo likhalenso lafulati, madesiki athu ogwedera aja ayi.

A Chemistry musadzivute. Kamawerenga 1 g 1 g, kopanda madesimo, ndiye mukafuna 5.85 g ya mchere kuti mupange 0.1 mole kangokuuzani 6, ndipo 0.5 g nthawi zina sikamva n'komwe kuti mwaikapo kanthu. Zokonzekera mapulakitiko a MSCE ndimakabwerekabe balance yeniyeni ku sekondale ina. Koma za Fomu 1 ndi 2, ma g kupita ku kg, density ya miyala ndi mafuta ophikira, kakugwira ntchito heavy, ndipo ndauza kale a hedi kuti ndalama ikapezeka tigule tina titatu kuti gulu lililonse likhale ndi kake. Mabatire muzichotsa pa holide, anga oyamba anatuluka madzi mkati.